Makilo Makumi Anayi

Lachiwiri m'mawa ku Luwinga,
kukuwaza kamvula kaja kosanyowetsa malaya
koma kolowa mpaka m'mafupa.
Tilipo asanu ndi anayi, mipando ndi isanu ndi iwiri,
awiri atsamira khoma, manja m'matumba a jekete.
Fungo la khofi wokazinga likulowera pa zenera losweka
limene takhala tikulikambirana pa msonkhano uliwonse
kuyambira chaka chatha.

Kenaka Uchizi watsokomola.
Katsokomoledwe kameneko ndimakadziwa.
"Apampando, makilo makumi anayi sakuoneka.
Buku la kusitolo likunena zina, sikelo ikunena zina."
Dzina langa sanatchule.
Atchulirenji?
Makiyi a kusitolo ali pa lamba wanga,
ndikangosuntha mwendo akulira okha.

Makutu atentha.
Pa lilime pafola mawu, akuthwa okhaokha:
za masiku amene amafika dzuwa litakwera
n'kunamizira wakabaza wa ku Zolozolo,
za chipereganyu chimene anachedwetsa mu Epulo,
za lisiti ya mafuta ija yofufutidwa pakona.
Ndili nazo zonse.
Ndimazisunga ngati misomali m'chitini.

A Msowoya, apampando, akuyang'ana wotchi.
NyaKumwenda akujambula duwa m'mphepete mwa pepala,
tikakhala chete akuwonjezera tsamba,
tikakhalabe chete, tsamba lina.

Ndameza.
Zadutsa pakhosi ngati piritsi lopanda madzi.
Ndangofunsa kuti, "Munayeza liti?"
Mawu atuluka opyapyala, ngati obwereka.
"Lachisanu."
"Ine ndinalandira masabata atatu apitawo,
akungotsika mu lole ya ku Misuku,
matumba ali ozizira ndi chinyezi."

Suzgo wa pamakina,
amene chibwerereni sanayankhulepo pa msonkhano,
wang'ung'udza m'Chitumbuka,
ndipo atamuyang'ana onse, wabwereza mokweza:
khofi akauma amapepuka.
Tonse timadziwa zimenezo.
Kungoti aliyense anali kalikiliki kunola mpeni wake.

Tawerengera pa foni, mitu itagundana.
Chinyezi chadya makilo makumi atatu.
Khumi atsala,
ali njo pakati pa tebulo ngati mwana wosochera pa depoti,
wina aliyense akuyang'ana kumbali.

Uchizi sanapepese.
Inenso sindinapeze chopepesera.
Iye wati, "Khumiwo ndiye tiwafufuze."
Ine ndati, "Bwerani mawa tiyezere limodzi,
sikeloyo mudzaigwire ndinu."
Apampando agwedeza mutu, alemba.
Mfundo yotsatira: zenera.

Masana, pa chiwaya cha kuseri kwa mpanda,
taima phewa ndi phewa chifukwa denga ndi laling'ono.
Wandikankhira botolo la tsabola osandiyang'ana.
Ndathira, ndabweza.
Takambapo za mtengo wa makala
ndi msewu wa kwawo umene wasanduka phala.
Za makilo, ayi.
Misomali ija ikadali m'chitini, ndisaname,
sindinataye ndi umodzi womwe.
Lero sindinangotsegula chivindikiro.

Madzulo, pa kabaza wopita ku Mchengautuba,
mnyamata akupalasa chokweza, akupuma ngati mvukuto,
nkhungu yameza nyali za m'tauni,
makiyi akulira pa bampu iliyonse.
Pamenepo m'pamene chandibwerera:
thumba lija linang'ambika pa chitseko cha lole,
khofi n'kumwazikira m'matope,
ine n'kulisoka msangamsanga mvula isanakule,
n'kunena kuti ndilemba ndikamwa tiyi.

Sindinalembe.

Mawa Uchizi adzagwira sikelo,
Suzgo adzanyamula matumba,
ndipo ine, asanayeze ngakhale limodzi,
ndidzayenera kutsokomola.